Chifuwa chongobwerabwera, Xpert negative kawiri, makhololo onunkha: tikuphonya chani apa?

NaBanda RGN: Mwaswera bwanji a gulu, ndithandizeni maganizo pliz. Pa kiliniki yathu kuno kum'mawa kwa Harare pali bambo ena a zaka za m'ma 50, ndi abilidala, makolo awo adachokera kumudzi kalekale nde akabwera amandifuna ineyo kuti tilankhule chathu. Chiyambire nyengo yozizira ija akungobwerabwera ndi chifuwa, kutentha thupi, kubaya m'nthiti mbali ya kumanja, tiwapatsa amoxicillin apezako bwino, pakapita milungu iwiri itatu ndi awa abweranso. Makhololo tatumiza kawiri ku GeneXpert, makina oyezera TB aja, yonse negative, HIV negative, shuga alibe. Lero abwera ataonda kolala ya shati ikuchita kulendewera, sats (okosijeni wa m'magazi) 91, kupuma 26 pa mphindi, temp 38.6, koma chandiimitsa mutu ndi fungo la makhololowo, atalavulira m'kabotolo ndinachita kudzuka kukatsegula windo. Akazi awo akuti usiku ndi thukuta mpaka kusintha zofunda. Adokotala athu amabwera Lachinayi lokha. Ndiwapemphe angowayambitsa mankhwala a TB basi kapena pali china?

Mayi Nkhoma (sista opuma): Mwana wanga, mowa amamwa?

NaBanda RGN: Ndinafunsa amayi, anati pang'ono chabe, pa weekend.

Mayi Nkhoma (sista opuma): Kkkk aliyense amamwa pang'ono akakhala pamaso pa munthu wovala yunifomu. Funso loti mumamwa mowa lilibe ntchito, yankho lake limakhala lokonzeratu kunyumba. Inu afunseni kuti dzulo munamwa chani, mabotolo angati, munayamba nthawi yanji, nanga dzana. Kenako muwafunse ngati m'mawa manja amanjenjemera mpaka atapeza kochotsera matsire. Akazi awo muwatengere pambali, pamaso pa amuna awo sangakuuzeni kanthu, mukudziwa mmene tidaleredwera. Ndiye musanawalole kupita muwayasamitse muone mano ndi nkhama. Mukatero mubwere mutiuze.

aPhiri wa X-ray: Komanso achemwali mukuti chiyambire June mpaka lero chifuwa chimenechi sichinajambulidwepo? Atumizeni lero lomwe, chithunzi cha kutsogolo (PA) ndi cha m'mbali (lateral) chomwe, lateral musaiwale chifukwa enafe tikangoona fomu yalembedwa CXR (X-ray ya pachifuwa) timajambula imodzi basi. Ndipo ajambulidwe ataimirira, ngati muli madzi m'bowo aoneke mzere wake.

NaBanda RGN: Ndalama achimwene, nthawi zonse amati alibe ya X-ray. Koma lero mwana wawo wa ku Joni watumiza, apita masana ano.

NaBanda RGN: Amayi ndachita zomwe munanena zija, eeh. Mayi aja atangotseka chitseko anayamba kulira. Akuti tsiku ndi tsiku akaweruka amayambira scud, chibuku chija, ndi anzawo pa shopu, kenako timabotolo tija ta musombodhiya, mowa waukali wozembetsa uja, tiwiri mwina titatu, Loweruka amakagwira ka kachasu kwa mayi wina wake. Nthawi zambiri amachita kuwanyamula anyamata kudzawatula pakhomo ali chikomokere, amagona chagada pa sofa mkonono uli pamwamba, ndipo kangapo konse awapeza m'mawa atasanza masanzi ali pakamwa ndi pa pilo osadziwa nkomwe. M'mawa sangagwire kapu ya tiyi asanamwe kaye. Mkamwa ndiye musanene, mano akumbuyo ndi zitsa zokhazokha, nkhama zotupa zotuluka magazi. Fodya amasutanso wopichira uja.

Dokotala wa ma night: Zikomo Mayi Nkhoma, mwaigwira pakhosi nkhaniyi. Achemwali NaBanda, tisanaone nkomwe chithunzi ine ndikuganiza chithupsa cha m'mapapo, lung abscess, chobwera chifukwa cha aspiration, kulowa kwa malovu ndi masanzi m'mapapo. Ndifotokoze pang'ono poti pa gulu pano pali ana asukulu ambiri. Munthu wabwinobwino chinthu chikalowera njira yolakwika amatsamwa, kukhosomola mpaka misozi, chinthucho nkutuluka. Munthu woledzera mpaka kukomoka zimenezo zimazima, kachivindikiro ka pakholingo sikatseka bwino, kukhosomola kulibe, nde malovu, masanzi ndi zonse za m'nkhama zowolazo zimangotsetsereka kulowa m'mapapo iye ali mtulo. Tizilombo ta m'nkhama tambiri ndi ma anaerobe, tija timakhala popanda okosijeni, ndi timene timabweretsa fungo lomwe linakutsegulitsani windo lija. TB payokha kawirikawiri sinunkha choncho. Zikalowa zimayamba ngati chibayo wamba, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mnofu wa papo umafa pakati nkusanduka bowo lodzaza mafinya. Amoxicillin wa masiku asanu amangozizilitsa pamwamba, nchifukwa chake amapezako bwino nkubwereranso.

Za mbali ya kumanja sizinangochitika mwangozi ayi. Bronchus ya kumanja ndi yaifupi, yotakata komanso yoongoka kuposa ya kumanzere nde zotsetsereka zambiri zimalowera kumeneko. Ndipo apa ndi pomwe anthu amasokonezeka: munthu akagona chagada zinthuzo zimakakhala ku posterior segment ya upper lobe kapena ku superior segment ya lower lobe, malo omwewo omwe TB imakonda. Ukaona bowo m'mwamba, munthu woonda, thukuta usiku, dzanja limathamangira kulemba RHZE, mankhwala a TB aja.

Chisomo (student nurse): Pepani adokotala, ndiye kuti TB tayichotsa?

Dokotala wa ma night: Ayi ndithu mwanawe, osayerekeza. Munthu womwa chonchi ndi amene TB imamukonda. Kafukufuku wa 2008 yemwe adaphatikiza ma study ambiri adapeza kuti womwa mowa wopitirira magalamu 40 pa tsiku, kapena amene ali ndi vuto la uchidakwa, mpata wake wodwala TB ndi pafupifupi katatu poyerekeza ndi ena. A WHO akamatchula zinthu zisanu zomwe zikukolezera TB padziko amati kusowa zakudya m'thupi, HIV, mowa, fodya ndi shuga. Bambowa ali ndi zitatu mwa zisanuzo. Nde zonse ziwiri zitha kukhalapo nthawi imodzi, chithupsa ndi TB yomwe.

aMwale wa famase: Magalamu 40 amenewo anthu amaona ngati ndi mowa wambiri, tiyeni tiwerengere. Kwoti imodzi ya lager ya 750 ml pa 5% ndi magalamu pafupifupi 30. Ma kwoti awiri basi wadutsa kale. Kabotolo ka 200 ml ka mowa waukali wa 40% ndi magalamu opitirira 60, kamodzi kokha. Tsono timabotolo ta m'makonamu ndi kachasu palibe amene akudziwa kuti muli peresenti yanji, olo wotcheza mwini wakeyo sadziwa. Bambowa pa tsiku akupitirira 100 mosakaika.

Chemwali wa ku lab: Ndilowepo pa nkhani ya Xpert negative kawiri ija. Asisi makhololo munatumizawo anali otani? Sindikunena inu ayi koma zomwe timalandira kuno nthawi zambiri ndi malovu oyera mbee, munthu wangoti pthu m'botolo pa khonde anthu akumuyang'ana. Komanso zija zina zimafika zitakhala padzuwa m'chikwama cha wanjinga tsiku lonse. Tengani ena a m'mawa kwambiri, achukuche kaye mkamwa ndi madzi, apume mozama katatu kenako akhosomole kuchokera pansi, olo 2 ml yokha bola akhale makhololo enieni. Pa fomu mulembe kuti mukufunanso Gram stain ndi culture, zofufuzira tizilombo tinanso, osangoti Xpert. Ma anaerobe sitingawameretse kuchokera m'makhololo wamba nde musadikire zimenezo, koma Klebsiella, kachilombo ka chibayo kaja, ikakhalapo tiiona, ndipo imeneyo ndi mnzake wa zidakwa kuyambira kale, makhololo ake amakhala ofiirira onanda. HIV mubwerezenso ngati papita miyezi itatu.

NaBanda RGN: Oyamba aja analidi amadzimadzi asisi, achiwiri anali bwinoko. Mawa m'mawa nditenga ena ndekha.

aMwale wa famase: Pempho langa limodzi kwa nonse, pa munthu ngati ameneyu musagwire cipro kapena levofloxacin pongofuna kusintha mankhwala poti amoxicillin wakanika. Mankhwala amenewo amagwirako TB pang'ono, munthu amaoneka ngati wachira, Xpert nkumavuta, kenako mwatipangira TB yosamva mankhwala. Zimbabwe idachotsedwa pa mndandanda wa WHO wa maiko 30 a TB yochuluka mu 2021 koma pa mndandanda wa TB/HIV ndi wa MDR (TB yosamva mankhwala) tidatsalapo, tisaonjezere. Komanso metronidazole payekha pa chithupsa cha m'mapapo sakwanira, ndipo munthu woti akatuluka pa geti akukagula kabotolo, paja metronidazole timaletsa kumuphatikiza ndi mowa. Afunseninso ngati sakumwa bronco, mankhwala a chifuwa a m'botolo aja, kuti chifuwa chizizire, masiku ano si anyamata okha, madala enanso akugula. Muli codeine mmenemuja, kuphatikiza ndi mowa munthu amatha kungosiya kupuma ali mtulo, komanso amatsekereza chifuwa pomwe ife tikufuna mafinyawo atuluke.

aPhiri wa X-ray: NaBanda wanditumizira chithunzi ku inbox, ndamuuza asachiike pano poti dzina likuoneka pakona. Bowo lilipo kumanja, khoma lake lokhuthala, kukula ngati 5 cm, mzere wa madzi uli mbee pakati, pa lateral lili kumbuyo, superior segment ya lower lobe. Kumanzere kuli bwino, m'mwamba monse mulibe timadontho tomwazika tija timaona pa TB. Ine si wolemba lipoti koma adokotala munalondola.

Dokotala wa ma night: Ndachionanso. Achemwali bambowa si a pa kiliniki, musadikire Lachinayi. Sats 91 ali chikhalire, bowo la 5 cm, woonda, womwa tsiku ndi tsiku, alembereni kalata apite ku chipatala chachikulu lero, kaya ku Pari (Parirenyatwa) kaya ku Gomo (Sally Mugabe, kale Harare Central) malinga ndi dera lanu. Akufunika mankhwala a mu mtsempha kaye, co-amoxiclav kapena zomwe zilipo malinga ndi EDLIZ, buku la boma la mankhwala lija, zogwira ma anaerobe, kenako akumwa kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zina kupitirira, mpaka chithunzi chiyere. Koma chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi, m'kalatamo mulembe ndi zilembo zazikulu kuchuluka kwa mowa womwe amamwa ndi nthawi yomwe anamwa komaliza. Ambiri amalemba chest infection for further management basi, ife ku wodi nkumadzadzidzimuka usiku wachitatu munthu akuzula dilipi.

NaBanda RGN: Anamwa komaliza dzulo cha m'ma 9 usiku. Manja ayamba kale kugwedera.

Dokotala wa ma night: Ndi zimenezo. Kunjenjemera, thukuta ndi mtima kuthamanga zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24, kugwa ngati wakhunyu kumabwera mkati mwa masiku awiri oyamba, kubwebweta kwenikweni kuja kwa DTs (delirium tremens) kumafika tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ndipo kumapha. Ngati muli ndi thiamine (vitamini B1) mubayeni asananyamuke. Muyezenso shuga wa pachala pompano olo munati alibe matenda a shuga, chidakwa chosadya shuga wake amagwa, ndipo mukafuna kupereka dextrose, shuga wa mu dilipi uja, thiamine apite limodzi, tisamupatse matenda a ubongo a Wernicke ndi manja athu.

aZimba (ma ambulansi): Koma adokotala kunena zoona, kale madala ngati amenewa ankangowalola kakapu kamodzi madzulo mu wodi nkhani nkutha. Ine ndanyamulapo ambiri, ukampatsa pang'ono amakhala phee ulendo wonse. Bwanji osangowauza akazi awo azibweretsa pang'ono mu flask mmalo movutika ndi munthu wolusa?

Mayi Nkhoma (sista opuma): Achimwene a Zimba zimenezo ndinaziona ndi maso anga zaka zimenezo ndipo sindikuzifunanso. Flask imeneyo ndani akuyeza? Lero kakapu, mawa anzake a pa shopu abwera nako kabotolo m'sokosi, inu mwabaya kale diazepam osadziwa, 2 koloko usiku munthu wasanza wagona chagada uja, zomwe zinamubweretsa zachitikanso pa bedi lanu lomwe.

aZimba (ma ambulansi): Nanga diazepam yo siigonetsanso amayi? Kusiyana kwake kuli pati?

Dokotala wa ma night: Funso labwino a Zimba, imagonetsadi, ndipo pa munthu wa sats 91 ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Kusiyana kwake nkoti diazepam timadziwa mamiligalamu ake, timapereka poona zizindikiro, CIWA ija, fomu yoyezera zizindikiro za kusiya mowa, ngati wodi ikuigwiritsa ntchito, tikaona kuti wayamba kuodzera kapena kupuma kwatsika timaimitsa. Mutu wa bedi ukhale wokwera, oximeter pa chala, asadye ali ndi tulo. Komanso anamwino a usiku ndikupempheni, chidakwa chikayamba kusokonezeka mutu musathamangire kunena kuti ndi mowa basi. Yezani kaye sats, shuga ndi temp, muone khosi ngati lauma, mufunse ngati anagwa nkumenyetsa mutu. Munthu wosowa okosijeni amalusa chimodzimodzi, amachotsa mask, amatukwana, nde ukamubaya diazepam woteroyo wamumaliza.

Fizio Tafara: Ndionjezeko za mbali yathu. Anthu amaganiza kuti mowa ndi chiwindi basi, chifuwa amati ndi fodya, koma mowa womwa zaka zambiri umaononga mapapo mwakachetechete. M'njira za mpweya muli timaubweya tosaoneka ndi maso tomwe timagwira ntchito ngati tsache, usana ndi usiku kusesa fumbi ndi tizilombo kukweza kukhosi kuti timeze kapena kulavula. Mowa wa tsiku ndi tsiku umafooketsa timeneti, fodya nkudzamalizitsa, tsono bambowa ndi abilidala, fumbi la simenti ndi la njerwa tsiku lonse popanda chotseka pamphuno. Pansi penipeni m'timatumba ta mpweya muli ma macrophage omwe amameza tizilombo, mwa chidakwa amakhala aulesi. Muonjezerepo glutathione yemwe amateteza khungu la mkati mwa mapapo, mwa anthu omwa kwambiri amatsika zedi olo munthuyo akuoneka wathanzi akunyamula matumba a simenti.

Pa chithupsachi ife timathandiza kuti mafinya atuluke koma mosamala, osamugoneka mbali yodwalayo ili pamwamba nkumamumenya pamsana mwamphamvu, bowo lalikulu likaphulika nthawi imodzi mafinya amakhuthukira ku papo labwinolo munthu nkubanika pompo. Akhale tsonga, aziyenda pang'ono mu wodi, apume mozama, akhosomole yekha.

Dokotala wa ma night: Za glutathione zo nzoona, ndipo nchifukwa chake ndikukakamira kuti apite lero. Anthu amenewa akapeza sepsis, matenda atafalikira thupi lonse, amagwera mu ARDS, mapapo kulephera kugwira ntchito mwadzidzidzi, msanga kuposa ena. Kafukufuku wa ku Denver wofalitsidwa mu 1996 adatsatira odwala a mu ICU omwe anali pa chiopsezo, mwa omwa kwambiri 43 pa 100 adalowa ARDS pomwe mwa enawo anali 22 pa 100. Nde munthu amene m'mawa amacheza nawe madzulo umapeza sats ili 78 pa okosijeni, ndipo mabedi a ICU mukudziwa mmene amavutira kupeza.

Chisomo (student nurse): Kunyumba ankolo anga amati tot ya brandy ndi mandimu imatsegula chifuwa, ndiye ndi bodza eti?

Fizio Tafara: Imatenthetsa pakhosi munthu nkugona, akadzuka amati zandithandiza. Chifuwacho chili pomwepo.

NaBanda RGN: Anyamuka ndi galimoto ya a neba awo, kalata ndalemba monga munanenera adokotala, thiamine ndabaya, shuga anali 3.9 ndawapatsa tiyi wa shuga ndi buledi ali maso bwinobwino. Za bronco akana koma akazi awo akuti anaonapo botolo lake m'chikwama cha zipangizo, ndalembanso zimenezo.

Mayi Nkhoma (sista opuma): Mwachita bwino. Tsono ntchito yanu yeniyeni ikubwera akatuluka, chifukwa kuchipatala chachikulu akapha tizilombo koma sofa ija ikadali pomwepo. Mayiwo muwaphunzitse zinthu zoti angathe, osati kungowauza kuti aletseni mowa ngati kuti zaka zonsezi sanayesepo. Akabwera nawo anyamata ali chikomokere asawagoneke chagada, awagoneke chammbali, bondo lapamwamba lopinda, mutu wopendekera pansi pang'ono, pilo kapena bulangete lopindidwa kumsana kuti asatembenuke. Ndipo chonde asawathire mkaka kapena phala mkamwa kuti mowa utsike, amayi ambiri amachita zimenezo ndi mtima wabwino, supuni ndi supuni munthu asakumeza, zonsezo zikupita m'mapapo. Ndinaonapo gogo wina akutsina mphuno ya mwana wake wamkulu kuti ayasame amwe mkaka, mawa lake tinali naye pa okosijeni.

Mano aja akachotsedwe akangopezako mphamvu, zitsa zimenezo zikakhala chithupsa chidzabweranso.

NaBanda RGN: Ndabweranso a gulu, lero ndi tsiku lachitatu ali mu wodi. Mayi aja andiimbira m'mawa akulira akuti usiku bambo amaona njoka ndi tianthu pa khoma, kukuwa kuti akubwera kudzawatenga, azula dilipi kawiri. Achibale a kwa mwamuna afika akuti izi si zachipatala, munthu walodzedwa kuntchito poti anakangana ndi mnzake pa nkhani ya ndalama, ena akuti ndi mizimu ya kumudzi poti sanapiteko chimwalirire bambo awo, akufuna asaine atuluke apite nawo kwa mapositori. Ndiwauze chani anthu amenewa, ine sandimvera amati ndine mwana.

Mayi Nkhoma (sista opuma): Musakangane nawo za ufiti, simupambana ndipo mukawanyoza amutulutsa lero lomwe. Pezani wamkulu pa onsewo, kaya ndi malume kaya ndi achimwene awo aakulu, mumupatse ulemu wake, mumuuze kuti zakumudzizo sitikukana mudzakambirana, koma thupi ili lazolowera mowa zaka zambiri nde likuufuna, tinadziwiratu kuti usiku wachitatu zidzatere ndipo zili m'kalata yomwe tinalemba asanagonekedwe. Muwaonetse kope ya kalatayo ngati munasunga. Munthu akaona kuti munaneneratu amayamba kukukhulupirirani. Muwapemphe masiku atatu okha. Akafuna kupemphera abwere apemphere pa bedi pomwepo nthawi ya ma visiting, koma madzi awo aja asamumwetse ali wosokonezeka. Ngati zikuvuta ndipatseni foni ndilankhule nawo ine, imvi zimathandiza.

aZimba (ma ambulansi): Apa ndiye ndagonja amayi, akanakhala pa flask ija bwenzi tikuti walodzedwadi kkkk.

Dokotala wa ma night: Muwauzenso mosabisa kuti akamutulutsa pano, kunja kulibe okosijeni, ndipo DTs yosathandizidwa imapha anthu ambiri ndithu pomwe mu wodi ambiri amadutsa. Nthawi zambiri zimatha mkati mwa masiku atatu mpaka asanu.

NaBanda RGN: Amayi Nkhoma alankhula ndi malume awo pa foni pafupifupi theka la ola, avomera kudikira. Zikomo amayi.

NaBanda RGN: Update. Bambo aja mutu wabwerera, akudya, temp yatsika kufika 37.2, sats 95 popanda okosijeni, fungo lachepa. Xpert yachitatu ya makhololo a m'mawa aja negative, culture ya TB tikudikirabe. Akuti atuluka kumapeto kwa sabata ndi co-amoxiclav wakumwa, adzajambulitsenso pakatha milungu inayi. Funso langa tsopano, ndiziwatsatira bwanji kuti asathawe mankhwala pakati, paja akangomva bwino amabwerera ku scud.

aMwale wa famase: Musawapatse a mwezi wonse nthawi imodzi, apatseni a sabata sabata azibwera kudzatenga kwa inu, mukatero mumawaona nkuwayeza sikelo. Mtengo wake muuzeni mwana wa ku Joni uja pano pano kuti akonzekere, co-amoxiclav wa milungu isanu ndi umodzi si wotchipa, ambiri amasiyira pa sabata yachiwiri chifukwa cha thumba osati mwano. Ndipo osawauza kuti mukamwa mowa musamwe mankhwala, chifukwa iwo amasankha mowa nkudumphitsa mapilitsi. Auzeni kuti mapilitsi ndi tsiku lililonse zivute zitani. Culture ikadzabwera positive mudzatiuze msanga, chifukwa mankhwala a TB aja isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse amapweteka chiwindi, pa munthu womwa chonchi pafunika LFT, kuyeza chiwindi, asanayambe, pyridoxine kuti miyendo isachite dzanzi, ndi kuwachenjeza kuti maso akasanduka achikasu kapena akayamba kusanza abwere tsiku lomwelo.

Dokotala wa ma night: Chithunzi cha kontrolo chija musachiphonye olo ataoneka bwino chotani. Bambo wa zaka zopitirira 50 wosuta, bowo likakana kutsekeka pakatha milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu timaganiza chotupa chomwe chatseka bronchus, pamenepo pafunika sikani ya CT kapena bronchoscopy, kuunika m'njira za mpweya ndi kachipangizo. Muziyang'ananso ngati nsonga za zala ndi zikhadabo zikutupa, komanso sikelo. Za mowawo, pano adutsa kale pa moto wa kusiya, nde ino ndi nthawi yabwino yolankhula nawo, mantha a njoka zija akadali nawo. Gwiritsani AUDIT ija ya WHO ya mafunso 10 oyezera kamwedwe ka mowa kuti mukhale ndi poyambira, ndipo muwauze kuti akadzayambiranso kumwa tsiku ndi tsiku asadzasiye okha mwadzidzidzi kunyumba, adzabwere.

Fizio Tafara: Mufufuzenso chomwe chikuwamwetsa. Madala athu ambiri kuno ntchito ndi ya apa ndi apo, ena mapepala a unzika adawavuta zaka zambiri, kumudzi sakudziwako wina aliyense, nde pa shopu paja ndi pomwe pali abale. Ngati kufupi ndi inu kuli agogo a Friendship Bench aja a Dr Dixon Chibanda, opereka uphungu kwa ovutika maganizo, muwalumikize, amalankhula Chishona koma bambowa anabadwira konkuno sichingawavute. AA (Alcoholics Anonymous), gulu la anthu othandizana kusiya mowa, iliponso mu town kwa amene angaikonde. Zikafika povuta ndi ku Annexe, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Pari.

NaBanda RGN: Agogo a benchi alipo pa kiliniki ya khonsolo pafupi nafe, ndikawaona Lolemba. A Mwale nditumizireni ku inbox mtengo wa co-amoxiclav 625 wa sabata imodzi kuti ndimuuze mnyamata uja asanalandire. Nanga za mano zija alipo akudziwa komwe akuchotsa motchipa mbali ya Mabvuku kapena Tafara kuno? Zitsa zake ndi zinayi.

Chisomo (student nurse): Asisi ndifunsa anzanga a dental mawa mkalasi ndikuuzani.